Boti Lodikira Chiliza

Chinsapo, Lilongwe
7 Epulo 2025

Okondedwa Bambo aang'ono a Gilford,

Moni abwera pambuyo, ndiyambe ndi funso limene landikhala pakhosi. Anakhazikitsa ndani lamulo loti boti la munthu womwalira lisakhudze madzi mpaka chiliza chake chimangidwe? Ndafunsa anthu a ku Zomba amene timapemphera nawo kuno, ndafunsa a ku Phalombe ndi a ku Machinga. Onse akuti mwina ndi za pachilumba pokha. Koma inu, amayi ndi mudzi wonse wa pa Chisi mumalinena ngati lili m'Baibulo. Bambo anatisiya mu Malichi 2023. Kuyambira pamenepo boti lili kumtunda, dzuwa likuliwamba, ine amene anandilonjeza botilo ndikuwambidwanso kuno.

Tsopano moni. Muli bwanji ndi amayi aang'ono? Maso aja akuona? Kuno amayi akukazingabe mandasi, koma miyendo ikumatupa akaima nthawi yaitali.

Za ine mukuzidziwa. Digiri ya zokopa alendo ili m'sutikesi pansi pa bedi la amayi. Makalata ofunsira ntchito ndapereka mpaka alonda a m'maofesi a ku City Centre amandipatsa moni pa dzina. Masana ndimakhala pa kabenchi pansi pa ambulera pamsika wa Chinsapo, kutumizira anthu ndalama za pafoni. Anyamata a kabaza akamadutsa amati, "A Digiri, mwaswera? Azungu anu aja afika?" Ndimaseka nawo, koma mkatimu mukuyaka.

Mlungu wathawu ndinapita ku Area 47 kwa Mayi Nafisa Latif. Ali ndi kampani yaing'ono yoyendetsa alendo okonda mbalame. Ndinawafotokozera za Nankhwazi, kachilumba kopanda anthu kaja kuseri kwa Chisi. Poyamba ankangoyang'ana foni yawo. Anati a digiri odzaza maloto amabwera tsiku lililonse. Nditanena kuti ndili ndi boti langalanga la matabwa, lalikulu, lolembedwa dzina langa m'mbali, anaika foni pansi. Akuti wa boti lake sanabwerepo. Andipatsa alendo oyesera pa tchuthi cha 6 Julayi. Zikayenda bwino, ulendo wa ku nyanja yathu ya Chirwa ukhala wanga chaka chonse.

Njira ndaikonza kale, yonse kuchokera m'kamwa mwa bambo. Akaweruka kuulonda ankakhala pakhonde n'kujambula Nankhwazi padothi ndi kamtengo ka machesi. Tidzanyamuka pa doko la Kachulu, tidzadutsa pa zimbowera kuti alendo aone asodzi okhala m'tinyumba toyandama. Tidzalowa m'njedza, udzu wautali wa m'madzi uja, mmene mumagona mbalame za zipweyo ndi atsekwe. Kenako pa Mwala wa Akakowa, umene ankati umayera ngati wapakidwa laimu. Kenako pa Doko la Akazi, lobisika m'matanthwe, mmene agogo athu ankabisa akazi ndi ana pothawa ogwira akapolo. Tidzamaliza pa mlambe wamphako. Ine Nankhwazi sindinapondepo, koma ndikhoza kumujambula nditatsinzina.

Chimene ndikupempha n'chimodzi. Tsitsirani boti m'madzi mwezi uno kuti matabwa afufume, timate mmene mwang'ambika. Chiliza tidzamanga ndi phindu la ulendo woyamba. Bambo anali munthu wa nzeru, sangakwiye poona boti lawo likudyetsa mkazi wawo.

Kalatayi ndapatsira a Felesita, amene amabwera ndi nsomba zouma kuno. Yankho muwapatsenso iwowo.

Mwana wanu,
Tadala


Chisi
24 Epulo 2025

Mwana wanga Tadala,

Tadzuka bwino kuno, kaya inu kumeneko. Kalata yako yandipeza ndikukolola mpunga, ndipo ndaiwerenga ndi diso limodzi chifukwa lamanzereli likungotuluka misozi. Ukapeza mankhwala odonthezera aja, ndi kashuga pang'ono, upatsire a Felesita.

Nkhani ya alendo yandisangalatsa. Akulu anga akanaimva akanavina. Iwo ndi amene ankadziwa Nankhwazi, ine ndinkangowaperekeza, ndipo nthawi zambiri ndinkakhala ndikukapa madzi m'boti iwo akuloza mbalame.

Koma za boti, mwana wanga, usafulumire. Mwambo ndi mwambo. Anthu a m'tauni amene wafunsawo anachoka kumudzi kalekale, aiwala. Ngakhale a Jacqueline, amasiye a malemu Herbert a kudoko la kumpoto, boti la amuna awo alikweza kumtunda kudikira chiliza. Si ife tokha ayi. Boti lako lili pamalo pabwino, palibe angalibe, usade nkhawa.

Bwanji osabwereka la munthu wina pa Kachulu? Kapena uwauze Mayi Nafisa akowo kuti alendo adzabwere chaka chamawa. Julayi ndi mwezi wa mwera. Mphepo ikaomba, nyanja yathuyi ngakhale ndi yosazama imachita mafunde oipa, ndipo kuseri kwa Nankhwazi kuli miyala yobisika. Mbalame sizithawa. Chaka chamawa zidzakhalapo.

Za chiliza usadzivutitse. Simenti yakwera, ndipo kuiwolotsa panyanja ndi ntchito ina. Akulu anga akugona bwino. Manda timalimira, amayi ako aang'ono anadzalapo maluwa.

Kodi ya uphunzitsi unayesapo? Mwana wa a Jones anaphunzira za ulimi koma akuphunzitsa pa sekondale, ndipo wagula njinga yamoto.

Upereke moni kwa alamu anga. Uwauze kuti ndikufuna kumva kwa iwo.

Bambo ako aang'ono,
Gilford


Chinsapo
9 Meyi 2025

Bambo aang'ono,

Zikomo poyankha. Mankhwala a m'maso ndi shuga zili m'jumbo lakudalo. Ndikhulupirira mpunga wachita bwino.

Mwati ndibwereke boti la wina. Maboti a pa Kachulu amanyamula anthu ndi madengu a nsomba tsiku lonse. Mwini wake kuti alisiye kwa ine masiku atatu, ndiye kuti phindu lonse n'lake, ine ndingotsala ndi kununkha matemba. Komanso Mayi Nafisa sanakhulupirire digiri yanga, anakhulupirira boti. Mwati chaka chamawa. Mawu amenewo ndawamva kwa aliyense chimalizireni sukulu. Ndili ndi zaka 26, ndimagona pamphasa m'chipinda chimodzi ndi ndowa za amayi. Chaka chamawa chimenecho ndatopa nacho.

Choncho sindikanganso za mwambo. Ngati boti likudikira chiliza, chiliza chimangidwe. Ndagulitsa malo anga pamsika, kabenchi, ambulera, ndi mpamba wonse wa ndalama za pafoni ndautulutsa. Mnyamata amene wagula wayamba kale kukhala pamenepo, ndipo makasitomala anga akumupatsa moni amene ankandipatsa ine. Simenti ndalipira pa sitolo ya ku Zomba, a Felesita aiwolotsa ndi boti la Lachitatu. Ya mmisiri ndi njerwa ili mu envulopu. Pamwala mulembe kuti Anderson, mwamuna wa Sophie, bambo wa Tadala. Mwambo wotsegulira usakhale wa ng'ombe kapena mbuzi. Abusa apemphere, anthu amwe thobwa, basi.

Amayi nditawauza anakhala pansi pamene anaimapo. Ndinkayesa asangalala kuti manda a amuna awo aoneka bwino. Anangoti, "Wagulitsa benchi?" Anabwereza kachiwiri, kenako anapita kukiyosiki kukatunga madzi pamene ndowa zonse zinali zodzaza. Mwina nkhani ya manda yawadzutsira chisoni.

Tsopano mbali yanu. Mayi Nafisa akufuna chithunzi cha boti kuti aike pa pepala loitanira alendo. Pemphani aphunzitsi a pasukulu ajambule ndi foni yawo, mbali imene pali dzina langa ioneke. Mundiuzenso ngati mipando ija ilipo, ndi malo omangirira injini. Injini ndapeza wobwereketsa. Majekete oyandamitsa abweretsa okha eni alendo.

Za mwera ndamva. Tizidzanyamuka m'mamawa nyanja isanadzuke, ngati mmene bambo ankachitira.

Tadala


Chinsapo
6 Juni 2025

Bambo aang'ono,

Moni ndikupereka chifukwa ndinaleredwa bwino. Mwezi wakwana, yankho palibe, chithunzi palibe.

A Felesita abwera kawiri. Akuti chiliza chamangidwa, n'chokongola, abusa anapemphera. Nditawafunsa za boti anayamba kundiuza za mtengo wa nsomba za makumba. Nditafunsanso anati, "Iwe mwana, ine ndimagulitsa nsomba, za mabanja a eni sindilowerera." Anandikhuthulira matemba m'manja osandilipiritsa. A Felesita amene amawerenga ngakhale mitu yothothoka.

Ine si mwana. Ndikudziwa zimene zimachitika mwamuna akamwalira kwawo, mkazi ndi ana ali kutauni. Mnzanga wa ku Area 23 abale a bambo ake anatenga mpaka mapoto. Sindinkaganiza kuti inunso, amene munandinyamula pakhosi kundiwolotsa m'matope a pa Kachulu ndili wamng'ono. Mwagulitsa? Kapena likunyamula anthu kutsidya la ku Mozambique, dzina langa mwalifufuta ndi penti? Nenani.

Mayi Nafisa alembetsa kale alendo. Pepala lawo lili pa foni za anthu, lalembedwa kuti Ulendo wa ku Nankhwazi pa Boti la Tadala. Amandiimbira m'mawa uliwonse kufunsa chithunzi, ndipo ine ndimanamizira netiweki ya kuchilumba. Dzulo anati, "Mtsikana, ndayendetsa alendo zaka zambiri, ndimadziwa mawu a munthu amene alibe chimene akunena." Ndinaseka, ndinawauza kuti aone okha pa Julayi.

Benchi ndilibe. Ndikuzungulira ndi beseni la mandasi a amayi m'mbali mwa msewu wa ku Likuni, ndipo a kabaza asintha dzina, tsopano ndine A Digiri a Mandasi.

Ndikubwera pa 24 Juni. Ndikapanda kupeza boti m'madzi, ndibwerera ku Zomba kukadandaula kupolisi za kulanda katundu wa amasiye. Ndichitadi.

Tadala


Chisi
15 Juni 2025

Alamu anga a Sophie,

Moni wa Ambuye. Kalata iyi ndi yanu nokha, a Felesita ndawauza akupatseni m'manja mwana kulibe.

Mwana wanditcha wakuba. Sindikumuimba mlandu. Ine ndikanakhala iye ndikananena zoposa pamenepo. Koma ndakalamba, alamu, sindingakwere galimoto ya polisi chifukwa cha mawu amene tinapangana awiri pansi pa mtengo wa mango tsiku limene iye ankafika.

Munati ndi za masiku ochepa, angomaliza mayeso. Mayeso anamaliza, munati adikire atenge digiri. Digiri anatenga, munati apeze kaye ntchito, mtima ukhale pansi. Ine ndinavomera chifukwa tinkaganiza kuti simenti sitidzaikwanitsa msanga. Onani tsopano, mwana wagulitsa podyera pake kuti akwaniritse mwambo umene kulibe.

Ndipo bodzali labereka. A Jacqueline a kumpoto anamva kwa akazi kuchigayo kuti kwa a Gilford boti la malemu likudikira chiliza. Anaopa kuti mwina iwo ndi amene sadziwa mwambo, anakweza la amuna awo kumtunda. Lang'ambika, ana awo akugwira ganyu m'maboti a eni. Ine m'malo mokawauza, ndinatenga dzina lawo n'kulilemba m'kalata ngati umboni. Tsiku lotsegulira chiliza mkulu wa mpingo anaimirira n'kuyamikira banja lathu posunga miyambo ya makolo. Ndinayang'ana pansi mpaka khosi linawawa.

Chiliza tamanga bwino, simenti yatsalako pang'ono. Kuibweza sindikanatha popanda kunena chifukwa, ndipo chifukwacho munandiletsa.

Muuzeni, alamu. Ndi inu munatenga chikwanje choyamba usiku uja, ndi inu mukudziwa kunena kwake. Mukalephera, ndidzamuuza ine padoko, anthu akuona. Koma zingakhale bwino azimve kwa mayi ake.

Mlamu wanu,
Gilford


Chinsapo
23 Juni 2025

Tadala mwana wanga,

Kalatayi ndaikulunga m'chitenje pamodzi ndi mbatata za pa ulendo. Uipeza njala ikakugwira, mwina pa Dedza, mwina pa Balaka. Ndayesa kukuuza pamaso masiku onsewa. Ndikati nditsegule pakamwa ndimaona nkhope ya bambo ako pa iwe, mawu amabwerera. Ukhululuke kalembedwe, sukulu yanga ukuidziwa.

Boti kulibe, mwana wanga. A Gilford sanagulitse, sanabe. Usapite kupolisi.

Ukukumbuka kuti bambo ako atadwala anati akufuna akachire kwawo, ndipo ndinapita nawo. Anamwalira mkati mwa mvula ya namondwe ija. Inagwa osaleka, nyanja inakwiya, msewu wa ku Zomba sunkadutsika. Iwe unali ku Mzuzu, mayeso ali pafupi, foni sizinkagwira. Bokosi kunalibe kokaligula. Pachilumba mitengo yocheka matabwa inatha kalekale ndi kuwamba nsomba. Thupi silikanadikira. Anthu anati tiwakulunge mu mphasa.

Ine ndinakana. Munthu amene anaima pageti la eni zaka zonse zija, kuzizira kwa Juni ali panja, kuti iwe uphunzire, apite mu mphasa ngati analibe ake? Ndinayang'ana kudoko, ndinaona boti. Ndinatenga chikwanje ndekha n'kuyamba kukanganula thabwa. Azibambo ataona kuti sindisiya anandilanda n'kumaliza iwo. Anakhoma bokosi m'tchalitchi mvula ikudontha, ndi misomali yomweyo ya m'boti, yowongola pamwala. Linkanunkha nsomba ndi phula. Tinalikuta ndi nsalu yanga ya chigwirizano cha amayi.

Thabwa lolembedwa dzina lako mmisiri ankafuna alitembenuze kuti zilembo zikhale kunja. Ndinati ayi, ziyang'ane mkati. Lili kudzanja lawo lamanja.

Unafika patapita milungu itatu, wowonda, maso ofiira. Unagwada pamanda, ndipo podzuka unati, "Bola boti latsala, ndidzawapeza mmenemo." Mabuku a mayeso anali m'chikwama chako. Ndinakokera a Gilford pambali, ndinati tinene kuti lili kutsidya kwa wachibale, kumtunda, mpaka chiliza. Mwambowo ndinaupeka ine, wa ku Chiradzulu, amene sindidziwa n'kupalasa komwe. Anthu a m'mudzi anangotithandiza kukhala chete.

Tsiku limene unati wagulitsa benchi ndinafuna kufuula. Koma zinali zitagulitsidwa kale, ndipo ndinaopa kuti undida kawiri. Ndinalakwa pokhala chete. Pa bokosi pokha sindipepesa. Mvula ija itabweranso, ndingatengenso chikwanje.

Mbatata udye. Ukafika uwagwire dzanja bambo ako aang'ono.

Mayi ako


Chisi
2 Julayi 2025

Amayi,

Ndili moyo, ndikudya. Miyendo ili bwanji? Musamaime pamoto tsiku lonse, muzikazinga mutakhala pampando.

Kalata yanu ndinaipeza titadutsa Ntcheu. Mayi amene ndinakhala naye mpando umodzi ankaganiza kuti ndalandira uthenga wa maliro, anayamba kundiimbira nyimbo ya m'buku. Sindinamuletse. Mbatata anadya iyeyo.

Ndinakukwiyirani kuchokera pa Balaka mpaka pa Kachulu, ndipo sindikunamizani kuti zatheratu. Bokosi silikundipweteka. Chikundipweteka n'chakuti tinkagona nyumba imodzi, inu mukundiona ndikujambula mipando ya boti papepala.

Bambo aang'ono ndinawapeza padoko atavala jekete la kutchalitchi, akuti ngati ndabwera ndi apolisi asawatenge ali m'nsanza. Ndinagwada m'matope momwemo. Anati, "Dzuka, anthu aziti ndakulodza." Tinapita kumanda. Chiliza n'chokongoladi. Ndinakhala pansi kudzanja lamanja, nthawi yaitali.

M'mawa mwake ndinawauza kuti boti kaya kulibe, Nankhwazi ndimuona. Tinabwereka bwato la mtengo umodzi, lodontha, iwo akukankha ndi nsungwi, ine ndikukapa madzi ndi chigubu chodula. Tinadutsa pa zimbowera, asodzi akuphika pa timbaula pamwamba pa udzu woyandama. Mmodzi anafuula kuti, "A Gilford, mwakwatiranso?" Iwo anati, "Uyu ndi bwana wanga wa ku Lilongwe, wabwera kudzawerenga mbalame zanu." M'njedza zipweyo zinadzuka gulu limodzi, kuimba likhweru mpaka sitinkamvana. Mwala wa Akakowa ndi woyeradi, koma bambo sananene za fungo lake.

Doko la Akazi linatisowa. Bambo aang'ono anazungulira kawiri, n'kunena kuti mwina bango linatseka, tibwerere mwera usanayambe. Ine ndinakumbuka kuti pojambula padothi paja, bambo akafika pa thanthwe long'ambika ankathyola kamtengo ka machesi n'kulowetsa kachidutswa cham'mbali. Thanthwe long'ambika linali patsogolo pathu. Tinagona chafufumimba m'bwato, tinadzikoka ndi manja pansi pa nthambi, ndipo mwadzidzidzi mphepo inaleka. Amayi, mkatimo madzi ali phee, matanthwe azungulira ngati khola, kamchenga kali kumapeto. Munthu wodutsa kunja sangadziwe kuti muli malo. Ng'azi inali kuwothera dzuwa, inatiyang'ana osasuntha. Pamwamba mbira zinkathamanga. M'phanga muli mapale a miphika yakale ndi mwala woperera wokumbika pakati, ndipo denga ndi lakuda ndi utsi. Ndinaika dzanja m'mwala muja. Mlambe wamphako uliponso, tinalowamo awiri n'kutsala malo, nkhwazi ili pamwamba ikulira ngati tailanda nyumba.

Zonse zimene ndinalonjeza alendo zilipo, kupatula chowanyamulira. Pobwerera mwera unatipeza, bwato linadzaza mpaka m'mawondo, tinafika tikupemphera mokweza. Mlendo sungamuike mmenemo. Ndinayesa eni maboti a pa Kachulu, onse akufuna ndalama patsogolo, ndipo yanga ili pamanda. La a Jacqueline tinakaliona, dzanja limalowa pakati pa matabwa. Bambo aang'ono anawauza zoona pamaso panga. Mayiwo sanatukwane, anangofunsa kuti, "Ndiye ana anga avutikira chiyani?"

Lolemba ndinakwera paphiri pamene pamagwira netiweki, ndinaimbira Mayi Nafisa. Ndinawauza zonse, osakometsera. Anati alendo awapititsa ku Liwonde, ndipo pepala lija lawachititsa manyazi pamaso pa anthu amene amawakhulupirira. Ndinapempha mwayi wina. Anati, "Ukadzakhala ndi boti loti ndaligwira ndi dzanja langa, udzandiimbire. Sindikulonjeza kuti ndidzayankha." Anadula. Ndinakhala pamwala paja mpaka anyani anayamba kundizungulira.

Ku Chinsapo sindibwera tsopano. Ndibwerere ku chiyani, kubeseni? A kabaza akafunsa, muwauze zoona, kuti A Digiri ali kunyanja ndipo alibe kanthu. Musawapekere mwambo wina.

Munditumizire nsapato zanga zotseka ndi juzi yobiriwira, kuno kukuzizira. Digiri isiyeni m'sutikesi momwemo, muziyang'anako chifukwa cha mphemvu.

Simenti yotsala ija ndinaipereka kwa mmisiri wa maboti wa pa Kachulu, amene akumanga khonde la nyumba yake. Wavomera kumata boti la a Jacqueline, ndipo ine ndizimuthandiza kupala ndi kusungunula phula mpaka ntchito ithe. A Jacqueline akuti likayandama, masiku a nsomba ndi a ana awo, masiku a alendo ndi anga, ngati alendowo adzabwere. Sanamwetulire ponena zimenezi. Matabwa awiri apansi ndi owoleratu, mmisiri wandipatsa ena akale. Dzulo ndawawolotsa, ndawasenza pamutu kuchokera padoko mpaka kumpoto, ndipo lero m'mawa ndayamba kuzula misomali yadzimbiri n'kuiwongola pamwala.

Mwana wanu,
Tadala